Sikani ikaona chotupa, sinatchule khansa

Pali mawu awiri amene akangolowa m'nyumba, nsima imazizira m'mbale: "Apeza chotupa." Wodwala wapita kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, amupaka mafuta oterera aja pamimba, ayendetsapo kachipangizo, adokotala alemba m'kabuku n'kunena kuti apite ku Zomba akamuunikenso. Pofika kumudzi madzulo, nkhani yakula kale. Ena akuti ndi khansa basi. Ena akuti amuponyera. Amalume akuti ndalama ya thiransipoti ingowonongeka, ndi bwino munthu akhale pakhomo. Ulendo wa ku Zomba uja n'kuthera pomwepo.

Ine ndimaphunzitsa Fizikisi, ndipo maganizo anga ndi awa: banja limene lasiya kuyezetsa chifukwa lamva mawu akuti chotupa lagamula mlandu umboni usanathe. Makina amene aona chotupacho amaona kukula kwake, malo ake ndi maonekedwe ake. Dzina la matendawo sangalinene, ndipo chifukwa chake chili m'phunziro la mafunde lomwe mumalemba pa MSCE. Kuti ndikuonetseni, nditenga matenda ena a kapamba amene anapusitsa madokotala akuluakulu a ku Ulaya, America ndi Japan kwa zaka zambiri.

Kapamba wake uti?

Tiyambe tagwirizana dzina, chifukwa kwathu kuno mawu akuti kapamba amatchula ziwalo ziwiri. Mwana akamadwaladwala malungo, kapena munthu wa m'mbali mwa mtsinje akakhalitsa ndi likodzo la m'matumbo, kumanzere kwa mimba pansi pa nthiti kumatupa, ndipo anganga amati watupa kapamba. Chimenecho m'buku la Bayoloji ndi spleen. Kapamba amene ndikunena pano ndi winayo, pancreas.

Iyeyu ndi wautali pafupifupi masentimita 15, ndipo amagona chopingasa kuseri kwa chifu, kufupi ndi msana. Ntchito zake ndi ziwiri. Yoyamba, amatulutsa madzi ogaya chakudya, oposa lita imodzi tsiku lililonse, n'kuwathira m'chigawo choyamba cha matumbo aang'ono. Yachiwiri, amapanga insulini, imene imathandiza kuti shuga achoke m'magazi n'kulowa m'maselo. Timagulu ta maselo topanga insulini anatiwona koyamba ndi Paul Langerhans ku Berlin mu 1869, akadali wophunzira za udokotala, ndipo insuliniyo anaipatula ndi Frederick Banting ndi Charles Best ku Toronto mu 1921.

Tsopano gwirani ichi, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Kanjira kamene kamatenga ndulu kuchokera kuchiwindi kupita m'matumbo kamadutsa m'mutu mwa kapamba. Mutuwo ukatupa pa chifukwa chilichonse, kanjirako kamafinyika ngati paipi imene mwaiponda. Ndulu imabwerera m'magazi. Maso amasanduka achikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chimayera, thupi limayabwa. Munthu amaonda, ndipo ena amayamba matenda a shuga. Nthawi zambiri kupweteka kwenikweni sikukhalapo. Dokotala aliyense akaona zizindikiro zimenezi mwa munthu wachikulire, choyamba chimene amaopa ndi khansa ya kapamba, ndipo akulondola kuopa. Khansa imeneyi ndi yoopsa: ngakhale m'mayiko olemera, mwa anthu 10 opezeka nayo, ndi mmodzi yekha kapena kuposerapo pang'ono amene amafika zaka 5.

Matenda odzizimbaitsa

Koma pali matenda ena amene amabweretsa zizindikiro zomwezi, m'malo omwewa, kwa anthu a msinkhu womwewu. Dzina lake ndi autoimmune pancreatitis. Tanthauzo lake n'lakuti chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chatembenukira kapamba wa mwini wake. Maselo a chitetezo amadzazana m'kapambamo, mnofu umakhuthala n'kuuma, chiwalo chimatupa. Nthawi zina chimatupa chonse n'kuoneka ngati soseji. Nthawi zina chimatupa pamutu pokha, n'kukhala chibulumwa chimene pachithunzi simungachisiyanitse ndi khansa.

Mbiri yake ndi yaifupi kuposa moyo wa agogo anu. Mu 1961, dokotala wa ku Marseille ku France, Henri Sarles, analemba za odwala amene kapamba wawo anali wotupa ndi wouma popanda mowa kapena miyala, koma magazi awo ali ndi asilikali a m'thupi ochuluka modabwitsa. Mu 1995, Yoshida ndi anzake ku Tokyo anafotokoza za wodwala amene anachira atapatsidwa mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo, ndipo ndi iwo anapereka dzina lija. Mu 2001, Hamano ndi anzake a ku yunivesite ya Shinshu anapeza kuti odwala ambiri otere ali ndi mtundu wina wa asilikali a m'magazi, wotchedwa IgG4, wochuluka kwambiri. Patangopita zaka ziwiri, Kamisawa anasonyeza kuti vuto lomweli limagwiranso ziwalo zina monga tinjira ta ndulu, impso ndi tiziwalo topanga malovu. Lero madokotala amawagawa pawiri. Mtundu woyamba, wa IgG4 uja, umakonda abambo opitirira zaka 60. Wachiwiri umagwira anthu ocheperapo msinkhu, amuna ndi akazi omwe, ndipo nthawi zina umayendera limodzi ndi kutupa kwa matumbo.

Kusiyana kwa matendawa ndi khansa kuli pa chithandizo. Wa khansa ya m'mutu mwa kapamba, ngati yapezeka msanga, amachitidwa opaleshoni yaikulu imene Allen Whipple anaifotokoza ku New York mu 1935. Amachotsa mutu wa kapamba, chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, thumba la ndulu ndi mbali ya kanjira kake, nthawi zinanso mbali ya chifu, kenako n'kulumikiza zotsalazo. Wa matenda odzizimbaitsawa amapatsidwa mapiritsi a prednisolone, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse amapeza bwino. Kawirikawiri m'milungu iwiri yokha chikasu chimayamba kuchoka ndipo chotupa chimaphwa. Ena matendawa amawabwereranso, n'chifukwa chake amafunika kumaonedwa ndi dokotala kwa nthawi yaitali. Zipatala zikuluzikulu za ku America zitaunikanso ziwalo zimene zinachotsa poganiza kuti ndi khansa, zinapeza kuti pafupifupi anthu 2 mwa 100 alionse anali ndi matenda a mapiritsiwa. Taganizani: madokotala odziwa, makina okwana, koma chithunzi chinawanamiza.

Chifukwa chake makina sangathe kunena

Apa ndiye pafika Fizikisi, tsono tengani cholembera. Mukaima patsinde pa phiri la Chikala n'kukuwa, mawu anu amakagunda thanthwe n'kubwerera. Akabwerera patapita masekondi 2, ndipo liwiro la mawu mumpweya ndi mamita 340 pa sekondi, ndiye kuti ayenda mamita 680, kupita ndi kubwera. Thanthwelo lili pa mamita 340. Mileme imasaka tizilombo usiku ndi nzeru yomweyi. Sikani ya pamimba nayo ndi yomweyi. Amene anayambitsa kuigwiritsa ntchito mozama m'chipatala ndi Ian Donald wa ku Glasgow, amene analemba zotsatira zake mu 1958.

Khutu la munthu limamva mafunde ogwedezeka kuyambira ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi. Kachipangizo ka sikani ya pamimba kamatumiza mafunde ogwedezeka pafupifupi ka 3,500,000 pa sekondi, ndiye simungawamve. M'mnofu wa munthu amayenda mamita 1,540 pa sekondi. Akafika pamalire a minofu iwiri yosiyana, ena amabwerera. Makina amayeza nthawi imene apita ndi kubwera, n'kuwerengera kuya kwake monga tachitira ndi thanthwe lija. Ngati kapamba ali masentimita 8 kuchokera pakhungu, mafunde amayenda mamita 0.16, ndipo amatenga pafupifupi masekondi 0.0001. Makina amachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi n'kusonkhanitsa madontho owala ndi akuda kukhala chithunzi.

Tsopano funso: kanthu kakang'ono kwambiri kamene mafunde amenewa angakaone n'kotani? Mukukumbukira kuti liwiro ndi f kuchulukitsa ndi λ. Gawani 1,540 ndi 3,500,000. Mupeza kuti funde limodzi n'lotalika pafupifupi mamilimita 0.44. Lamulo la mafunde n'lakuti sangakuonetseni bwino kanthu kochepa kwambiri kuposa kutalika kwawo. Amene mumakhala kufupi ndi nyanja ya Chiuta kapena Chilwa mwaona: funde likagunda bwato limabwerera, koma likafika pa bango limodzi limangolizungulira n'kupitirira ngati palibe kanthu. Selo limodzi la munthu ndi lalikulu pafupifupi mamilimita 0.01. M'funde limodzi la sikani mungandande maselo oposa 40. Koma chimene chimasiyanitsa khansa ndi kutupa kwa chitetezo ndi mtundu wa maselowo. Sikani ikungoona kuti pamalo pano padzaza zinthu ndipo pauma. Kaya adzazapo ndi maselo a khansa, kaya a chitetezo, iyo singadziwe. Zili ngati kufuna kugwira matemba ndi ukonde wa chambo.

Wina wanzeru afunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji osangowonjezera f kuti funde lifupike?" Funso labwino. Vuto n'lakuti mafunde ogwedezeka mofulumira kwambiri amathera msanga m'mnofu, mphamvu yawo imasanduka kutentha. Amaona bwino zapafupi ndi khungu, koma kwa kapamba safikako. Ndiye wopanga makina amayenera kusankha pakati pa kuona zakuya ndi kuona zazing'ono. Palinso vuto la mpweya. Pamalire a mnofu ndi mpweya, mafunde oposa 99 mwa 100 alionse amabwerera. N'chifukwa chake amakupakani mafuta oterera aja, kuti pakati pa kachipangizo ndi khungu pasakhale mpweya. N'chifukwa chakenso amakuuzani kuti mubwere musanadye. Kapamba ali kuseri kwa chifu ndi matumbo, mmene mumakhala mpweya, ndiye ndi chimodzi mwa ziwalo zovuta kwambiri kuziona pa sikani.

Nanga makina aakulu a CT, amene wodwala amagona n'kulowa m'chibowo? Amenewa amazunguza X-ray kuzungulira thupi, kompyuta n'kuwerengera kuti malo alionse ameza mphamvu yochuluka bwanji. Pa muyeso wake, madzi ndi 0, mpweya ndi −1,000, mafupa ndi mazanamazana kupita m'mwamba. Wodwala woyamba anajambulidwa ku London mu 1971 ndi makina a Godfrey Hounsfield. Masamu ake anayamba kuwaganizira ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, mphunzitsi wa Fizikisi pa yunivesite ya Cape Town, pamene ankathandiza pachipatala cha Groote Schuur mu 1956. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel ya zamankhwala mu 1979, ngakhale panalibe dokotala pakati pawo. CT imaona kapamba bwino kwambiri kuposa sikani, ndipo imapereka zizindikiro zothandiza. Komabe imayeza kukhuthala kwa mnofu, osati mtundu wa maselo. Mnofu wotupa ndi wouma chifukwa cha chitetezo, ndi mnofu wouma chifukwa cha khansa, zimatha kumeza X-ray mofanana.

Chimene chimaona selo ndi kuwala wamba, chifukwa funde lake n'lotalika pafupifupi mamilimita 0.0005. N'chifukwa chake, makina odula onse aja atalankhula, mawu omaliza amakhala a munthu amene watenga kanyama kakang'ono ka chotupacho, wakadula mopyapyala, wakapaka utoto n'kukayang'ana pa maikulosikopu.

Mmene madokotala amasiyanitsira

Dokotala wabwino amachita zimene mumachita pa pulakitiko: satenga muyeso umodzi. Amayang'ana chithunzi. Pa khansa, kanjira ka m'kati mwa kapamba kamatsekeka mwadzidzidzi n'kufufuma kumbuyo kwa chotupa, pomwe pa matenda a chitetezowa kamangopanikizika mtunda wautali osafufuma kwenikweni. Amayeza IgG4 m'magazi, podziwa kuti odwala ena a matendawa alibe yochuluka, ndiponso kuti ena a khansa amakhala nayo yokwererapo pang'ono. Amafufuza ngati ziwalo zina zatupanso. Amatenga kanyama. Akakhutira kuti khansa palibe umboni wake, m'pamene amayesa prednisolone kwa milungu iwiri n'kujambulanso. Ndondomeko imeneyi anaiyala bwino ndi Suresh Chari ndi anzake a ku Mayo Clinic mu 2006, ndipo mu 2011 akatswiri a mayiko osiyanasiyana anagwirizana mfundo zofanana. Palibe muyeso umodzi pa yonseyi umene umagamula wokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga kwathu kuno?

Mwina mukuti, "Aphunzitsi, za ku Japan zikutikhudza bwanji ife a ku Ntaja ndi ku Ulongwe?" Tiyeni tiwerengere. Kafukufuku wa dziko lonse la Japan wa 2016 anapeza kuti anthu pafupifupi 10 mwa 100,000 alionse ali ndi matendawa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Machinga ndi oposa 400,000 m'boma la Balaka. Mukangochulukitsa, mupeza anthu oposa 100. Koma wophunzira wosamala aona msampha: matendawa amakonda achikulire, Japan ndi dziko la okalamba ambiri, pomwe theka la Amalawi silinafike zaka 18. Ndiye nambala ya kuno iyenera kukhala yochepa kuposa pamenepo. Matendawa ndi osowadi.

Koma phunziro lake silosowa, chifukwa kuno tili ndi wodzizimbaitsa wina amene ali paliponse: TB. Ambiri mumaidziwa ngati chifuwa chachikulu, koma TB imakhalanso m'mimba. Imatupitsa timwanabere tozungulira kapamba ndi chiwindi, imadzaza madzi m'mimba, imaondetsa, ndipo nthawi zina imalowa m'kapamba mwenimwenimo n'kupanga chibulumwa chooneka ngati khansa. Izi zimachitika kwambiri kwa anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Madokotala ku KwaZulu-Natal anakonza njira yachidule yofufuzira TB yotere ndi sikani, yotchedwa FASH, ndipo ku Lighthouse ku Lilongwe amaigwiritsa ntchito. TB ya m'mimba imachira ndi mankhwala a miyezi 6, aulere m'zipatala za boma. Munthu amene wabwezedwa kumudzi ndi achibale ake poganiza kuti ndi khansa akhoza kufa ndi matenda amene mankhwala ake ali pa helefi senta ya kwawo komweko.

Chikasu nacho chili ndi magwero ambiri kuno. Malungo aakulu amaphwanya maselo ofiira a magazi n'kubweretsa chikasu. Kachilombo ka hepatitis B kamatupitsa chiwindi, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti inu ambiri munalandira koma makolo anu ayi. Mwala ukhoza kutseka kanjira ka ndulu. Mankhwala ena, a kuchipatala ndi azitsamba omwe, amavulaza chiwindi. Maso achikasu ndi amodzimodzi, koma chilichonse mwa izi chili ndi chithandizo chakechake. Ndiye amene amangoyang'ana maso a wodwala n'kutchula matenda, kaya ndi neba, kaya ndi sing'anga, kaya ndi wa pa gulu la WhatsApp, akunena zimene ngakhale makina a CT sanganene.

Zimene anganditsutse nazo

Pali zonditsutsa zitatu zimene ndimaziona kuti n'zomveka, ndipo sindizipeputsa.

Choyamba n'chakuti ndikupatsa anthu chiyembekezo chabodza. Zoona zake n'zakuti munthu wachikulire akakhala ndi chikasu chosapweteka ndi chibulumwa m'mutu mwa kapamba, kawirikawiri imakhaladi khansa. Musapite kwa agogo anu n'kukawauza kuti aphunzitsi a Fizikisi anena kuti si khansa. Chimene ndikunena n'chakuti "kawirikawiri" ndi "nthawi zonse" ndi mawu awiri osiyana, ndipo pakati pawo pali anthu amoyo. Komanso ikapezekadi khansa, kuyezetsako sikunapite pachabe. Wodwala amalandira mankhwala oletsa ululu oyenera, madokotala amatha kutsegulira ndulu njira kuti kuyabwa kuchepe, ndipo banja limasiya kuthamangitsa ndalama kwa aliyense wolonjeza machiritso.

Chachiwiri ndi ndalama. Kuchokera ku Nayuchi kapena ku Ngokwe kufika ku Liwonde ndi ulendo kale. Kuchokera ku Liwonde kufika ku Zomba Central ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo mwina akakutumizaninso ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Wodwala sapita yekha, pamafunika womudikirira, chakudya, ndi wina wotsala ndi munda. Banja limene likugulitsa thumba la chimanga kapena mbuzi pa ulendo wotere silikuchita masewera. Koma taonani kumene ndalama imapita ulendowo ukalephereka. Imapitabe, pang'onopang'ono: kwa sing'anga uyu nkhuku, kwa uyo ndalama, kugolosale mapiritsi. Pakutha pa miyezi itatu yatha yofanana kapena yoposa, wodwala wafooka, dzina la matenda silikudziwikabe. Ngati ndalama iwonongeke ndithu, iwonongekere kumene kuli yankho. Ndipo musanagulitse kanthu, funsani adokotala ngati pali ambulansi yotumiza odwala ku Zomba ndi tsiku limene imapita.

Chachitatu n'chakuti zoyezera zina, monga IgG4, si za pachipatala cha boma laling'ono. N'zoona, ndipo ndi chifukwa chake ndikulembera inu osati makolo anu. Koma zambiri zosiyanitsa matenda amene ndatchulawa zilipo pafupi: kuyeza malungo, HIV, shuga, hepatitis B, ndi makina a GeneXpert ofufuza TB, amene bungwe la WHO linawavomereza mu 2010. Masitepe oyamba ndi otheka kuno komwe. Munthu asaleke kukwera loyamba chifukwa wamva kuti lachisanu lili ku Blantyre.

Chenjezo pa prednisolone

Ndatchula dzina la mankhwala, ndipo ndikudziwa kuti ena amawagulitsa mwachisawawa m'misika. Mvetsetsani bwino. Prednisolone amagwira ntchito pofooketsa chitetezo cha m'thupi. Ngati chotupa chija ndi TB, ndipo munthu akumwa prednisolone popanda mankhwala a TB, mwachotsa alonda pakhomo mbala zili m'kati. Ngati ndi khansa, munthu amamva bwino masiku ochepa, chilakolako cha chakudya chimabwerera, banja limasangalala, nthawi ya opaleshoni n'kumadutsa. Amakwezanso shuga m'magazi, ndipo kapamba wodwala amakhala akulephera kale kupanga insulini yokwanira. Munthu amene wamwa kwa milungu ingapo saloledwa kungosiya tsiku limodzi, amachepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala. Ngakhale ku Mayo Clinic, mankhwalawa amabwera pomaliza, kufufuza kutachitika. Amene akuyambira pa mapiritsi wayambira kumchira.

Gawo lanu

M'mabanja ambiri a ku Chikweo, ku Phalula kapena ku Utale, mwana wa Fomu 3 ndi amene amapatsidwa kabuku ka kuchipatala kuti awerenge zimene adokotala alemba. Umenewo ndi udindo, ndipo muugwire bwino. Mukaona mawu akuti mass, tanthauzo lake ndi chotupa basi, osati khansa. Mukaona chizindikiro cha funso patsogolo pa dzina la matenda, ndiye kuti adokotala akuganizira, sanatsimikize. Mukaona query kapena rule out, akupempha anzawo kuti afufuze. Musamasulire mowonjezera, ndipo musabise.

Mukaperekeza wodwala, funsani mwaulemu mafunso atatu. Kodi chimene chaoneka chingakhale matenda ati ndi ati? Kodi ndi muyeso uti umene ungasiyanitse? Kodi tibwerenso liti, ndipo tikaona chiyani tithamange tsikulo lisanafike? Dokotala sakwiya ndi mafunso otere, ndipo safunsa anadya phula. Lembani mayankho ake. Sungani mapepala onse ndi zithunzi zonse m'jumbo imodzi, chifukwa dokotala wa ku Zomba adzafuna kuyerekeza chithunzi chatsopano ndi chakale kuti aone ngati chotupa chikukula kapena chikuphwa. Ndipo munthu wamkulu pakhomo akasanduka maso achikasu, musadikire kuti ayambe kumva kupweteka. Taona kale kuti choopsa kwambiri chimabwera chosapweteka.

Pamsonkhano wa banja simungadule mawu amalume, ndipo sindikukutumani kukachita mwano. Koma mungapemphe kulankhula, n'kunena kuti, "Amalume, adokotala sananene kuti ndi khansa. Anena kuti akaonenso ku Zomba. Makina a kuno amaona kukula kokha." Mawu amenewo, otuluka mwa mwana amene akumvetsa chifukwa chake, akhoza kubweza ulendo umene unali utafa.

Ndipo kwa inu amene masamu a mafunde aja akukomerani: dziko lino likusowa anthu oyendetsa makinawa, owakonza akawonongeka, ndi owerenga tinyama pa maikulosikopu. Ku Malawi College of Health Sciences amaphunzitsa ojambula odwala. Ku MUST ku Thyolo ndi ku MUBAS ku Blantyre kuli maphunziro a uinjiniya wa zipangizo za chipatala. Ku KUHeS kumachokera madokotala ndi akatswiri a mulabu. Konseko amayang'ana Fizikisi, Masamu, Kemisitiri ndi Bayoloji pa satifiketi yanu. Pamene chipatala chili ndi munthu wodziwa kuwerenga chithunzi ndi kanyama, wodwala wa ku Nsanama amapeza dzina la matenda ake m'masiku, m'malo mwa miyezi.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Dokotala akufuna kuona chotupa chapakhosi, pafupi ndi khungu, ndiye wasankha kachipangizo ka mafunde ogwedezeka ka 10,000,000 pa sekondi. Pezani kutalika kwa funde limodzi m'mnofu. Pezani kuti ndi maselo angati a mamilimita 0.01 angandandane m'fundelo. Kenako yankhani m'ziganizo ziwiri: kodi makina amenewa angathe kunena ngati chotupacho ndi khansa kapena TB? Mukamaliza, mukafotokozere munthu wamkulu mmodzi kunyumba, m'Chichewa kapena m'Chiyao, mpaka amvetse.